Chimbudzi Chosadzaza cha a Yakobe

Thandie atadwala kachitatu m'dzinja limodzi, mayi ake, Ethel, anapsa mtima kuposa mmene anachitira mantha. Mwanayo anali wa zaka zisanu ndi chimodzi. Ulendo uno thupi linatentha sabata yathunthu, m'mimba mukupota, phala osalifuna n'komwe. Kuchipatala atamuyeza anati ndi taifodi, matenda amene munthu amawatenga akadya kapena kumwa zinthu zoti zakhudzana ndi chimbudzi. Namwino anafunsa mwaulemu kumene amatunga madzi akumwa, koma Ethel analimva funsolo ngati chipongwe. Iye ndi mayi wokwecha mapoto mpaka kumaonerapo nkhope, ndiye lero wina amuuze kuti mwana wake wamwa zonyansa? Anayankha mwachidule kuti ali ndi chitsime pakhomo, n'kubereka mwana wake kubwerera kwawo.

Ethel ankachita lendi ku Chilomoni, kumtunda kwenikweni kumene maminibasi safika, pa puloti ya bambo Yakobe Nakoma. Mwamuna wake ankagwira ntchito ku Joni, choncho pakhomo anali awiriwiri ndi Thandie. Pulotiyo inali yotsetsereka ngati mapuloti onse a m'phirimo. Chimbudzi chinali kumtunda cha kumpanda, nyumba za mabanja asanu ndi atatu zinali pakati, ndipo chitsime chinali kumunsi, pafupi ndi nthochi. Madzi a pampopi kuderalo ankabwera tsiku limene afuna okha, motero nyumba ya pa puloti yokhala ndi chitsime anthu ankailimbirana. Wina akangoti akusamuka, dzuwa lisanalowe anthu atatu amakhala atafika kale kudzafunsa.

Panali zinthu ziwiri zimene a Yakobe ankanyadira kuposa ana awo obereka. Choyamba chinali chitsimecho, chimene sichinkaphwa ngakhale mu Okutobala, madzi ake oyera mbee, ozizira bwino. Chachiwiri chinali chimbudzi. Anzawo oyandikana nawo ankakumba china pakatha zaka zitatu zilizonse, kapena kuitana anthu opopa, koma cha a Yakobe chinali chitatha zaka khumi ndi ziwiri osadzaza. Chinsinsi chake sankachibisa. Ankachilalikira pamaliro, patchalitchi, ngakhale pa sitolo pogula mayunitsi. Ankati pokumba anauza amisiri kuti asasiye kufikira mapazi atanyowa, chifukwa dzenje likafika pamadzi, madziwo amadya zonse. Anthu angapo m'deralo anali atatengera kale nzeru imeneyi, ndipo ankawathokoza.

Patapita masiku atatu kunabwera a Maziko, mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, kudzatsatira za matenda a Thandie. Ethel anali atakonzeka kuwaonetsa mbale zake kuti achite manyazi, koma iwo m'nyumba sanalowemo. Anapempha kuona chitsime, kenako chimbudzi, ndipo anayenda kuchokera pa china kufika pa chinzake akuwerenga mapazi. Anapeza khumi ndi asanu ndi limodzi. A Yakobe ankawatsatira pambuyo, manja kumbuyo, akufotokoza mbiri ya dzenje lawo losadzaza, ndipo amayi a pa puloti anasiya zochapa kudzamvetsera.

A Maziko anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa kuti, “Bambo, mabanja asanu ndi atatu, zaka khumi ndi ziwiri. Zonsezo zinapita kuti?”

“Pansi,” anatero a Yakobe.

“Pansi pake pati?”

A Yakobe anaseka n'kunena kuti iwo sanalowemo kukaona. Apa mpamene mlangiziyo anayamba kufotokoza, akulemba ndi kamtengo padothi. Anati madzi a pansi pa nthaka ndi mvula yomweyi, imene imalowa m'dothi n'kukadzaza timipata ta pakati pa mchenga ndi ming'alu ya miyala. Madzi amenewo sakhala phee ngati ali mu diramu. Amayenda pang'onopang'ono kuchokera kumtunda kupita kumunsi, ndipo chitsime ndi dzenje chabe limene timakumba kuti tiwapeze akudutsa. Anati dothi louma limagwira ntchito ngati sefa: zonyansa zikamadutsamo, tizilombo tambiri timakodwa n'kufera momwemo. N'chifukwa chake pansi pa dzenje la chimbudzi payenera kutsala dothi louma la mamita awiri lisanafike pamadzi, ndipo chimbudzi chizikhala kumunsi kwa chitsime, pamtunda wa mamita makumi atatu kapena kuposa.

“Inu sefayo munaiboola,” anatero a Maziko. “Madzi sadya kanthu, bambo. Amangonyamula. Ndipo pano akuchokera pa chimbudzi apo kutsikira uku.”

Anatulutsa kabotolo kokhala ndi kapepala ka mankhwala mkati, n'kuthiramo madzi a pachitsime amene a Yakobe anatunga okha. Anati kakhale m'nyumba masiku awiri. Kakapanda kusintha, ndiye kuti madziwo mwina ali bwino, koma kakada, ndiye kuti muli tizilombo ta m'chimbudzi. A Yakobe anakana kusunga kabotoloko ponena kuti iwo si ana a sukulu. Ethel anakatenga, osati chifukwa chokhulupirira ayi, koma kuti adzakabweze kali mbee ndipo nkhani ithere pomwepo.

Tsiku lachiwiri madziwo anali atada ngati makala. Atatsegula pang'ono, munatuluka fungo la dzira lovunda. Ethel anakhala pampando nthawi yaitali. Chimene chinam'pweteka kwambiri sichinali cha Thandie yekha. Bizinesi yake inali ya mafirizesi, timadzi totsekemera tamitundumitundu timene ankaumitsa m'firiji m'timapepala ta pulasitiki, n'kukagulitsa kwa ana pa geti la sukulu. Madzi ake anali a pachitsime chomwechi, osawiritsa, poti anali oyera. Anachita manyazi aakulu. Anatsegula firiji n'kutaya onse amene analimo, ndipo kuyambira tsiku limenelo madzi akumwa ankathiramo kulorini amene a Maziko anam'patsa.

Janet, mnzake wa khomo loyandikana, amene anali ndi khanda la miyezi isanu ndi itatu, anam'peza akutsuka firijiyo. Ataona kabotolo kakudako anatseka chitseko msangamsanga.

“Achemwali, kabiseni aka,” anatero Janet. “Inu thirani mankhwala anuwo mwakachetechete, basi. Mukufuna kulimbana ndi landilodi? Mudzaipeza kuti nyumba ya chitsime kuno? Ife takhala tikumwa madzi amenewa zaka zingati, mesa tili moyo?”

Ethel anam'kumbutsa kuti ana awiri a nyumba ya kumapeto anagonekedwa m'chipatala chaka chatha, ndipo khanda la Janet yemweyo linali litatsegula m'mimba kawiri chiyambireni mvula. Janet anati amenewo ndi mano, ana onse amatero. Anawonjezera kuti iye madzi amawasefa ndi nsalu yoyera, ndipo nsaluyo siigwira kanthu. Ethel anayesa kum'fotokozera kuti tizilombo timeneti sitioneka ndi maso ndipo m'nsalu timadutsa bwinobwino, koma Janet anali atayamba kale kuyang'ana kukhomo.

Langizo la Janet silinali lopusa kwenikweni. Ethel akanangokhala chete, Thandie akanakhala wotetezeka ndipo nyumba ikanakhala yake. Analingalira zimenezi tsiku lonse. Koma madzulo ana a pa puloti atachoka kosewera, anathamangira pachitsime monga mwa masiku onse, n'kumapatsirana kapu imodzi, madzi akuyenderera m'zifuwa. Mtima wake sunalole. Anatenga kabotolo kaja n'kuyamba kugogoda khomo ndi khomo, ndipo khomo lomaliza linali la a Yakobe.

A Yakobe anakayang'ana kamodzi kokha. Anati madziwo adetsedwa ndi mankhwala a m'kabotolomo, ndipo ngakhale madzi ogula m'sitolo atawathiramo angade chimodzimodzi. Anati anthu a zaumoyo amakonda kuopseza anthu kuti aoneke ogwira ntchito. Kenako mawu anakwera. Anati Ethel akuipitsa dzina la puloti yawo, ndipo mwana akadwala mayi aziyamba wayang'ana m'khitchini mwake asanaloze chitsime cha eni. Pamaso pa anthu onse anam'patsa notisi kuti pakutha pa mwezi akhale atachoka.

Ethel anayankha pomwepo.

“Notisi ndaimva, bambo. Koma ine sindichoka ngati wabodza. Ndili ndi utoto wa buluu wa mafirizesi, chitini chathunthu. Mawa ndiuthira m'chimbudzi chanu inu mukuona. Ukapanda kutulukira m'chitsime pofika Lamlungu la sabata yamawa, ndisamuka tsiku lomwelo, osadikira mwezi kutha.”

A Yakobe anaseka mpaka kutsokomola. Anati athire ngakhale zitini khumi, ndipo anthu onse akhale mboni.

A Maziko atamva za mpikisanowu sanakondwe. Anauza Ethel kuti utoto wa chakudya suvulaza munthu, koma sakanalonjeza kuti uoneka. Matope a m'dzenje akhoza kuugwira, kapena madzi akhoza kuusungunula mpaka osaonekanso, kapenanso ulendo wake ukhoza kutenga mwezi m'malo mwa sabata. Anati kusaoneka kwa utoto sikungatanthauze kuti madziwo ndi abwino, chifukwa umboni weniweni ndi kabotolo kaja, ndipo iwo akhoza kupita ndi nkhaniyi ku komiti ya zaumoyo popanda Ethel kuika nyumba yake pachiswe. Ethel anayankha kuti komiti ikamadzakumana ana adzakhala atamwa makapu angati, ndipo anthu a pa puloti ija sakhulupirira chinthu chimene sanachione ndi maso awo. Anathokoza malangizowo, koma sanawamvere.

Loweruka m'mawa anasungunula utoto wonse mu ndowa ziwiri n'kuukhuthulira m'chimbudzi, anthu ataima mozungulira ngati pali msonkhano. Anawapemphanso kuti sabata imeneyi asamwe madzi osathira mankhwala. Mabanja atatu anamvera. Enawo anaopa kuti landilodi awaona ngati ali mbali ya Ethel.

Lamlungu madzi anali mbee. Lolemba chimodzimodzi. Lachiwiri a Yakobe anayamba mwambo watsopano: m'mawa uliwonse ankatunga okha, kuthira mu tambula ya galasi, kuikweza m'mwamba kuti aliyense aone, kenako n'kumwa yonse akuyang'ana kukhomo kwa Ethel. Lachitatu kunabwera mayi wina wa ku Zingwangwa kudzaona nyumba imene anamva kuti ikhala yopanda munthu, ndipo anafunsa Ethel yemweyo ngati denga limadontha. Amayi ena anayamba kum'tcha Ethel Mayi Buluu. Janet anam'nong'oneza kuti apite akapepese nthawi idakalipo, akanene kuti anali ndi nkhawa ya mwana, bambowo ndi munthu wa tchalitchi akhululuka.

“Ndikapepese chiyani?” anafunsa Ethel. “Kuti mwana wanga anadwala popanda chilolezo chawo?”

Koma m'nyumba, kumene kunalibe womuona, mantha anam'gwira ndithu. Lachinayi anakapempha makatoni ku sitolo n'kuwabisa kuseri kwa firiji. Sankadziwa kumene angapite ndi mwana woti wangochira kumene, m'nyengo ya mvula. Ngakhale zinali choncho, m'mawa uliwonse ankatuluka atavala bwino, n'kupereka moni kwa a Yakobe mokweza ngati palibe chachitika.

Lachinayi lomwelo masana kunagwa chimvula chimene chinafika mpaka Lachisanu madzulo. Loweruka m'mawa Janet ndiye anayamba kufika pachitsime, ndi ndowa yake yoyera yochapira matewera. Atakhuthuliramo madzi anaima osayenda. Utoto sunali wochuluka. M'chigubu chakuda sukanaoneka n'komwe, koma mu ndowa yoyerayo madzi anali a buluu wotuwa, ngati muli sopo wochapira. Anatunganso kachiwiri, akuganiza kuti mwina ndi ndowa, ndipo anatuluka omwewo. Janet anakumbukira phala limene anaphikira khanda lake dzulo, ndi madzi amene analimwetsa pa supuni. Anathamangira kuseri kwa nthochi n'kukasanza.

Anthu anasonkhana popanda wowaitana. A Yakobe anatuluka ndi tambula yawo monga mwa masiku onse, n'kupeza onse azungulira ndowa ya Janet. Anatunga okha, anathira, anakweza tambulayo kudzuwa. Anaiyang'ana nthawi yaitali, ndipo tsiku limenelo sanamwe. Ethel anali atasunga mawu ambiri sabata yonse, ena akuthwa ndithu, koma atawaona bambo wachikulireyo, anangonena chimodzi.

“Ndi njira yomweyo imene imadutsa zinazo, bambo. Kusiyana kwake n'kwakuti zinazo zilibe mtundu.”

A Yakobe anakhuthulira madziwo pansi n'kulowa m'nyumba.

A Maziko anafika masana ndi anthu awiri a komiti. Anauza anthu kuti asaganize kuti kukwirira dzenje lero ndiye kuti chitsime chayera mawa. Popeza madzi a pansi amayenda pang'onopang'ono, zonyansa zimene zili kale m'njira zidzapitiriza kufika kwa miyezi ingapo. Anati madzi a pachitsimecho akhale ochapira ndi kukolopera, ndipo akumwa, ophikira ndi otsukira mbale azithira kulorini kapena kuwiritsa, kufikira atayezedwanso kangapo. Poti pulotiyo inalibe mamita makumi atatu, chimbudzi chatsopano chimangidwe kungodya ya kumunsi, kutali ndi chitsime chawo ndi cha oyandikana nawo, dzenje lake lalifupi, lomangidwa ndi njerwa ndi simenti, loti lizipopedwa likadzaza. Anachenjezanso za dzenje la zinyalala limene anthu ankatayamo mabatire akutha ndi oyilo wakuda wa njinga zamoto. Anati zimenezo zikalowa m'madzi, kulorini sachotsa, ndipo kuwiritsa sikuthandiza.

A Yakobe anamvera zonsezi ali pawindo. Sanatuluke, ndipo sanatsutse. Patapita masiku anayi amisiri anabwera, ndipo anthu anawamva bambowo akuwauza mobwerezabwereza kuti akangoona dothi layamba kunyowa asiye pomwepo.

Koma za notisi sananene kanthu. Ankadutsa pakhomo pa Ethel nkhope ili kumbali, ndipo mkazi wawo anauza Janet kuti bambowo akuti anachititsidwa manyazi pa puloti yawoyawo, chinthu chimene sichinachitikepo. Mayi wa ku Zingwangwa uja anabweranso kawiri. Janet, amene tsopano ankathira mankhwala ngakhale m'madzi osambitsira mwana, anafunsa Ethel ngati wayamba kulongedza. Ethel anati sanayambe ndipo sayamba. Ngati akufuna kum'chotsa, abwere adzam'uze okha pamaso chifukwa chake, anthu akumva.

Tsiku lomaliza la mwezi linafika. Ethel anayala mkeka pakhonde, akupesa tsitsi la Thandie. Chakumadzulo anaona a Yakobe akutsika kuchokera kunyumba kwawo, akulunjika pakhomo pake. Amayi a pa puloti anapeza zochita pafupi, wina kusesa pamene pasesedwa kale. Bambowo anafika n'kuima. Anayang'ana denga, anayang'ana mwana, kenako anatulutsa m'thumba kabotolo ka kulorini kosatsegula.

“Amake Thandie,” anatero motsitsa mawu, “mankhwalawa mumathira ochuluka bwanji mu ndowa? Maso angawa sakuwerenga timalemba iti.”

Ethel sanafulumire. Anamaliza kaye kuluka mzere umene anali atauyamba, kenako anauza Thandie kuti akatenge mpando awapatse agogo.

“Khalani pansi, bambo,” anatero. “Kachivindikiro kamodzi pa ndowa ya malita twente, mutakase, mudikire theka la ola. Ndipo aja munawaphunzitsa kukumba mpaka pamadzi, mukawauze nokha. Ine kumeneko sindipita.”

A Yakobe anakhala pampandopo, n'kunena kuti ayambira kwa oyandikana nawo a kumtunda. Za kusamuka sanazitchule, ndipo Ethel sanafunse.

Phunziro: Madzi a pansi pa nthaka amayenda, ndipo amanyamula chimene tawapatsa kupita nacho kumunsi, kumene ife kapena anzathu amatunga. Chimbudzi chimene sichidzaza chikukhuthulira kwina. Dzenje lisafike pamadzi, likhale kumunsi ndiponso kutali ndi chitsime. Kuyera ndi kuzizira kwa madzi si umboni woti ndi abwino, choncho tiziwayezetsa, tizithira kulorini kapena kuwiritsa. Ndipo amene wadziwa kuti chitsime chaipa asangodziteteza yekha mwakachetechete pamene ana a anzake akumwa, anene ngakhale mwini puloti akwiye.